Nambala ya pamwamba: mawu akale a masamu ndi malipiro a ku Midrand

Tawuni ya Midrand ili pakati pa mizinda ya Johannesburg ndi Pretoria m'dziko la South Africa, ndipo chimake ndi dera lotchedwa Halfway House, kutanthauza malo omwe apaulendo akale ankapumulirapo akadula theka la mtunda. Masiku ano kuli maofesi a mabungwe otchuka. Nyumba ya Malamulo ya mayiko a mu Africa yakhala ikukumana kumeneko kuyambira m'chaka cha 2004, ndipo banki ya chitukuko ya DBSA ndi likulu la NEPAD zilinso komweko. Koma kuseri kwa mipanda italiitali ya ku Kyalami, Waterfall ndi Noordwyk kumagwira ntchito anthu ena omwe mayina awo salembedwa pa zitseko za maofesi. Pakati pawo pali Amalawi ochuluka: osamala maluwa ndi kapinga, antchito a m'nyumba, ophika, alonda ndi amisiri omanga. Dzuwa likapendeka, ambiri a iwo amakwera mateksi kubwerera ku Ivory Park, Kaalfontein ndi Tembisa komwe amachita lendi.

Ana a anthu amenewa amaphunzira m'sukulu za komweko, ndipo m'mabuku ena a masamu a Chingerezi amakumana ndi mawu atatu achilendo: minuend, subtrahend ndi difference. Kholo lomwe linaphunzira kuchotsera pansi pa mtengo ku Ntcheu kapena ku Mangochi likafunsidwa tanthauzo la minuend limangoti kakasi, kenako n'kumuuza mwanayo kuti akafunse aphunzitsi. Komatu kholo lomwelo limakumana ndi nambala imeneyi pakutha pa mwezi uliwonse, ndipo kusaidziwa kumalidyera ndalama. Mwezi uno tsamba lino likuunika komwe mawuwa anachokera, chomwe amanena, ndi chifukwa chake mlimi ndi wantchito ayenera kuwalabadira.

Mawu atatu ochokera ku Chilatini

Pa samu ya 8 − 3 = 5, nambala iliyonse ili ndi dzina lake: 8 ndiye minuend, 3 ndiye subtrahend, ndipo 5 ndiye difference. Mayina onsewa anachokera ku Chilatini, chinenero cha Aroma chomwe anthu ophunzira a ku Ulaya anapitiriza kulembera mabuku kwa zaka mazana ambiri ufumu wa Roma utagwa.

Minuend ndi chidule cha numerus minuendus, kutanthauza nambala yoyenera kuchepetsedwa. Tsinde lake ndi mneni minuere, kuchepetsa, yemwe ndi wachibale wa minus, mawu odziwika kwa mwana aliyense wa sukulu, otanthauza chocheperapo. Akatswiri a mbiri ya masamu amawapeza mawuwa m'zolemba za John wa ku Seville, m'dziko la Spain, yemwe cha m'ma 1140 ankamasulira mabuku a Chiarabu kupita m'Chilatini. Iyi inali nyengo yomwe nambala zomwe dziko lonse likugwiritsa ntchito lero, zochokera ku India kudzera mwa Aarabu, zinkayamba kulowa ku Ulaya. Anthu ankaphunzira kulemba nambala ina pamwamba pa inzake n'kumachotsera mzere ndi mzere, kotero ya pamwamba inafunika dzina, ya pansi inafunikanso lake. M'Chingerezi minuend analowa zaka pafupifupi 300 zapitazo.

Zilembo za nd zomwe zili kumapeto kwa mawuwa zili ndi ntchito yake. M'Chilatini zimasonyeza chinthu choyenera kuchitidwa, ndipo anthu a m'magulu a chitukuko amakumana nazo kawirikawiri osazindikira. Ajenda ya msonkhano ndi zoyenera kuchitidwa. Dividend, phindu lomwe mamembala a kopaletivi amalandira pakutha pa chaka, ndi choyenera kugawidwa. Riferendamu, ngati yomwe Amalawi anavota pa 14 Juni 1993, ndi nkhani yoyenera kubwezedwa kwa anthu kuti aigamule okha. Tsinde la minus linabalanso mawu oti minister, omwe poyamba ankatanthauza wocheperapo, ndiye kuti mtumiki, asanakhale dzina la nduna ya boma.

Subtrahend ndi nambala yoyenera kuchotsedwa. Mawuwa ali ndi zigawo ziwiri: sub, pansi, ndi trahere, kukoka. Alimi amalidziwa bwino tsinde limeneli, pakuti thirakitala, makina okoka pulawo ndi ngolo, dzina lake linachokera pomwepo. Kukoka chinthu kuchokera pansi pa mulu ndi komwe Achewa amati kusolola, monga momwe munthu amasololera nkhuni pamtolo. Aroma ankagwiritsanso ntchito mneni yemweyu ponena za kutenga chinthu mwakabisira, ndipo Chichewa nachonso chimatero: wosolola m'thumba la mnzake pa depoti sapempha chilolezo.

Difference anachokera ku mneni wotanthauza kunyamulira zinthu padera, ndipo amanena za mpata womwe uli pakati pa nambala ziwiri.

Chichewa chimalozera mulu

Chichewa chili ndi njira yakeyake yonenera zomwezi. Mphunzitsi akati "pa 8 chotsapo 3", kachidutswa ka pa ndi ka po timaloza malo omwe dzanja likutapapo. Malowo ndiwo mulu, ndipo muluwo ndiye minuend. Chimanga cha m'nkhokwe ndi mulu, dengu lomwe mayi atapa kupita nalo kuchigayo ndi chochotsedwa, ndipo chomwe banja lidye kufikira masika ndi chotsala.

Yankho la samu yochotsera Chichewa chimalitchula m'njira zitatu, malinga ndi funso. Mlimi wokolola matumba 8 n'kugulitsa atatu amanena za otsala. Alimi awiri, wina wokolola 8 wina atatu, amanena za kusiyana. Wofuna matumba 8 kuti adye chaka chonse koma wakolola atatu okha amanena za kuperewera. Nambala yake ndi 5 konsekonse, koma nkhani zake ndi zitatu, ndipo mwana yemwe wamva zonsezi m'chinenero cha kunyumba savutika akapeza mawu a Chilatini m'buku.

Pophatikiza, nambala zitha kusinthana malo popanda vuto: 8 ndi 3 zimapanga 11, 3 ndi 8 zimapanganso 11. Kuchotsera sikulola zimenezo. Apa ndi pomwe ana ambiri amapunthwa. Akapatsidwa 52 − 37, amaona 2 pamwamba ndi 7 pansi, n'kuganiza kuti chachikulu ndicho chichepetsedwe. Amachotsa 2 pa 7, amachotsa 3 pa 5, n'kulemba 25, chonsecho yankho loona ndi 15. Mwanayo waiwala kuti mulu ndi 52 yense, ndipo 37 yense ndiye wochoka. Mankhwala ake ndi timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi: mitolo isanu ndi timitengo tiwiri. Pofuna kuchotsa 7, mwana amamasula mtolo umodzi ndi manja ake, ndipo kubwereka komwe aphunzitsi amanena kumaoneka ndi maso.

Nanga chochotsedwa chikaposa mulu? Katswiri wa ku India, Brahmagupta, analemba malamulo a nambala zoterezi m'chaka cha 628, ndipo anazitcha ngongole, pomwe zinazo anazitcha chuma. Aliyense amene anakolola matumba atatu ali ndi ngongole ya matumba 8 amadziwa tanthauzo la 3 − 8 popanda kuuzidwa.

Chizindikiro chinabadwira pa sikelo

Kamzere ka − sikanayambire m'kalasi. Buku loyamba kusindikizidwa ndi zizindikiro za + ndi − linatuluka ku Leipzig, m'dziko la Germany, m'chaka cha 1489. Analilemba ndi Johannes Widmann, ndipo linali la masamu a amalonda. M'bukumo zizindikirozi zinkasonyeza katundu yemwe wapitirira kapena waperewera pa muyeso. Amalonda a ku Italy a nyengo yomweyo ankalemba chilembo cha p ponena za chowonjezera ndi cha m ponena za chocheperapo. Ku Britain zizindikiro za + ndi − anazifikitsa ndi Robert Recorde m'chaka cha 1557, m'buku lomwenso anayambitsiramo chizindikiro cha =.

Amalonda omwewo anasiya mawu ena omwe amalembedwa pa masikelo ambiri a makono: tare, kulemera kwa thumba kapena bokosi lopanda kanthu, komwe kumachotsedwa kuti papezeke kulemera kwa katundu yekha. Mawuwa anafika ku Ulaya kuchokera ku tsinde la Chiarabu lotanthauza kutaya kapena kuchotsa, ndipo mpaka lero ana a sukulu a m'mayiko a Aarabu amatchula samu yochotsera ndi mawu a tsinde lomwelo. Choncho kuchotsera kunakulira pamsika, pomwe wogula ndi wogulitsa ankafunika kugwirizana za mulu ndi za chochotsedwa ndalama isanasinthe manja.

Chotsala sichiulula mulu

Phunziro lalikulu la mawu atatuwa lagona apa. Munthu wodziwa mulu ndi chochotsedwa atha kupeza chotsala. Koma wodziwa chotsala chokha sangadziwe komwe chachokera, pakuti 5 atha kukhala 8 − 3, atha kukhala 12 − 7, athanso kukhala 100 − 95. Yemwe wapatsidwa yankho lokha alibe njira yoonera ngati samuyo yayenda bwino.

Wantchito wa m'nyumba ku Midrand yemwe amalandira ndalama m'manja kapena pa foni, popanda pepala lililonse, wapatsidwa yankho lokha. Koma malamulo a South Africa amatchula mulu wake momveka. Dzikolo linakhazikitsa malipiro ochepetsetsa a dziko lonse pa 1 Januwale 2019, kuyambira pa R20 pa ola. Poyamba antchito a m'nyumba ankalandira ocheperapo, koma m'chaka cha 2022 anafanana ndi anzawo onse. Pa 1 Malichi 2025 ndalamayi inafika pa R28.79 pa ola, ndipo imaunikidwanso chaka ndi chaka.

Mwachitsanzo, pa mlingo wa 2025, munthu wogwira maola 45 pa sabata amakwanitsa maola pafupifupi 195 pa mwezi, ndipo mulu wake ndi pafupifupi R5,614. Pa muluwo lamulo limalola kuchotsa 1 peresenti ya thumba la UIF, inshulansi yothandiza anthu omwe ntchito yawathera, yomwe ndi R56, ndipo abwana nawo amaperekapo 1 peresenti ina ya m'thumba mwawo. Ngati wantchitoyo amagona m'chipinda cha pamalopo, abwana atha kuchotsa ya nyumba, koma yosapitirira 10 peresenti, ndiye kuti R561, ndipo chipindacho chiyenera kukhala chosadontha, chokhala ndi zenera ndi chitseko chokiya. Chotsala chikhala pafupifupi R4,997. Malamulo a antchito a m'nyumba salola kuchotsa ndalama ya mbale yosweka, ya chovala chopsa ndi simbi, ya yunifolomu kapena ya chakudya chodyera pa ntchito. Amalamulanso kuti tsiku lililonse la malipiro wantchito alandire pepala losonyeza maola, malipiro onse, zochotsedwa ndi ndalama yomwe wapatsidwa.

Tsono munthu akauzidwa kuti malipiro ake ndi R4,000 ndipo nyumba ndi yaulere, angathokoze ndi manja awiri, osadziwa kuti nyumbayo ikumudyera ndalama yoposa R1,500 pa mwezi, pafupifupi katatu kuposa mlingo wololedwa. Palibe amene wamuchotsera poyera. Mulu wachepetsedwa usanatchulidwe, ndipo kumeneku ndiko kusolola komwe mneni wa Chilatini uja ankanena.

Ambiri amaopa kufunsa chifukwa cha mapepala a chilolezo chokhalira m'dzikomo, ndipo mantha amenewa ndi omveka. Komabe m'chaka cha 2008 khoti la za ntchito la ku South Africa linagamula kuti mlendo wopanda chilolezo chogwirira ntchito ndi wantchito ndithu pamaso pa malamulo a ntchito, ndipo atha kutengera dandaulo lake ku CCMA, bungwe loyanjanitsa antchito ndi olemba ntchito, lomwe sililipiritsa wodandaula. Wochotseredwa ya UIF alinso ndi ufulu wofunsa ngati analembetsedwadi ku thumbalo.

Mbiri ya ku Joni ikuchenjezanso za kufunika kwa pepala. Amalawi omwe ankapita ku migodi kudzera ku Wenela, kenako ku TEBA kufikira m'chaka cha 1988, ankachotseredwa gawo la malipiro kuti akalandire atabwerera kwawo. Patapita zaka makumi angapo, okalamba ambiri anali akulondolabe ndalama za penshoni ndi za chipukuta misozi, ndipo omwe anasunga makhadi ndi manambala awo a ku mgodi ndiwo anali ndi poyambira.

Ndalama ikamapita kumudzi

Chotsala cha ku Midrand chimasanduka mulu watsopano tsiku lotumiza ndalama kumudzi. Apa zochotsedwa zimakhala ziwiri. Choyamba ndi chindapusa chotumizira, chomwe chimalembedwa poonekera. Chachiwiri chimabisala mu mtengo wosinthira randi kukhala kwacha. Wotumiza R1,000 angasangalale ndi chindapusa chochepa, koma ngati randi iliyonse ikusinthidwa pa mtengo wotsika, mayi wolandira ku Dedza apeza kwacha zochepa kuposa akanatumizirwa kudzera kwina. Funso loyenera ndi lakuti: pa R1,000 yomwe yatuluka m'thumba, ndi kwacha zingati zomwe zifike m'manja mwa wolandira? M'chaka cha 2015 mayiko a m'bungwe la United Nations anagwirizana kuti pofika 2030 mtengo wotumizira ndalama utsike kufika pansi pa 3 peresenti, ndiye kuti R30 pa R1,000 iliyonse. Umenewu ndi muyeso womwe wotumiza aliyense angayerekezere nawo.

Kumudziko samu yomweyo ikudikira mlimi. Vendala wogula soya kapena mtedza akati akuchotsa kilogalamu imodzi ya thumba, akunena za tare uja wa amalonda akale. Koma thumba lopanda kanthu silifika ngakhale theka la kilogalamu, ndipo pa matumba 20 mlimi amaluza makilogalamu ochuluka omwe sanali thumba konse. Njira yake ndi yapafupi: thumba lopanda kanthu likwere pa sikelo yomweyo onse akuona, ndipo sikeloyo ikhale yoyesedwa ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards.

Mlimi wa fodya wogulitsa ku Kanengo, Limbe, Mzuzu kapena Chinkhoma amalandira pepala la malonda lokhala ndi mizere yambiri. Pamwamba pamakhala kulemera kwa mabelo ndi mtengo wake m'madola, pansi n'kutsatira msonkho, za mayendedwe, za mabungwe ndi ngongole ya zipangizo. Maso amathamangira nambala yotsiriza chifukwa ndiyo ilowe ku banki, koma cholakwika chimabisala m'mizere ya pamwambayo. Matenanti a m'maesiteti ndiwo anazunzika koposa ndi samu yobisika. Chaka chonse ankalandira chimanga, mchere ndi feteleza pa ngongole, pa mitengo yomwe sankauzidwa, ndipo fodya akagulitsidwa ena ankamva kuti chochotsedwa chaposa mulu. M'chaka cha 2021 dziko la Malawi linasintha lamulo la za ntchito ndi kuletsa utenanti.

Ntchito ya alangizi

Alangizi a zaulimi, aphunzitsi a sukulu za kwacha ndi atsogoleri a banki m'khonde safunika kuphunzitsa Chilatini. Chofunika ndi kuzoloweretsa anthu kufuna nambala zonse zitatu pa malonda aliwonse ndi pa malipiro aliwonse. Mulu wonse unali wochuluka bwanji, ndipo anauyesa ndani? Chachotsedwapo ndi chiyani, ndipo ndi lamulo kapena mgwirizano uti womwe ukuloleza? Chotsala chikaphatikizidwa ndi chochotsedwa, kodi mulu uja ukubwerera? Funso lachitatuli ndi njira yakale yotsimikizira samu yochotsera, ndipo munthu atha kuichita ndi timiyala kapena ndi foni ya mabatani.

M'gulu la banki m'khonde, mlembi awerenge mokweza ndalama zomwe zinali m'bokosi msonkhano usanayambe, kenako ngongole zotuluka, kenako zotsala, ndipo ndalamazo ziwerengedwe pamaso pa onse. Wokongola K100,000 n'kupatsidwa K90,000 chifukwa choti za mafomu zachotsedweratu adziwe kuti chiwongoladzanja chidzawerengedwa pa ndalama yomwe sanaigwire yonse. Kalabu ya alimi isankhe tsiku lowerengera limodzi mapepala a malonda, mzere ndi mzere, kuti wodziwa kuwerenga athandize mnzake. Mipingo ndi magulu a maliro a Amalawi a ku Ivory Park ndi Tembisa angachite chimodzimodzi ndi mapepala a malipiro, ndipo wantchito yemwe sapatsidwa pepala alembe yekha m'kope tsiku, ola lolowera ndi ola lowerukira, pakuti kope lotere ndi umboni akafika ku CCMA.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kufunsa za mulu si mwano kwa abwana, kwa vendala kapena kwa msungichuma wa gulu. Wochita malonda moona savutika kuonetsa nambala ya pamwamba, ndipo amene akukana kuitchula akupereka chifukwa chokwanira choti wolandira chotsala awerengenso kawiri asanasaine.